Mwala wa pa Guwa pa Mzere wa Ufa

Tebulo ilo musalitulutse. Dalitso, ndamva zimene umanong'oneza mlongo wako pakhomopo. Makutu anga sanafe ayi, amene anandithawa ndi maondo okha. Akuti tebulo la agogo likutichititsa manyazi alendo akabwera, lili ndi chidzenje pakati, kapu ikakhalapo imapendekeka, tigule lagalasi. Gulani lagalasi lanulo mukaike kuchipinda kwanu. Ili likhala pompano mpaka tsiku limene mudzanditulutse ineyo. Bwera ukhale apa. Nawenso Mapalo, ika pansi foniyo, siithawa. Ndatopa lero, sindikufuna kulankhula mokuwa.

Dzenje mukulinyozali silinabwere ndi chiswe. Ndinalisema ndine ndi tchizulo, manja anga asanayambe kunjenjemera chonchi. Pisa dzanja umo, Mapalo. Waona kuti lili ndi ngodya zinayi, ndipo pansi pake m'posalala? Munkakhala mwala mmenemo. Tinkautcha mwala wa pa guwa.

Ndikudziwa, inu mukamva mawu akuti guwa mumakumbuka kutchalitchi kwanu kwa zokuzira mawu kuja, kumene abusa amakuwa mpaka mawu kusasa kuti tiphwanye maguwa a makolo. Sindikukuletsani, pempherani kumene mtima wanu wakhazikika. Koma kwa ife a Misa ndi korona, guwa linali chinthu china. Amene anandifotokozera ndi wansembe wathu wa masiku amenewo, mzungu wokalamba, wamtali, wowerama msana. Komboni yonse inkangowatchula kuti ba Fada Kanjinga, chifukwa sitinkawaona akuyenda popanda njinga yawo yakuda. Anakhalitsa kwathu kum'mawa, ndipo Chichewa chawo chinali chozama kuposa ichi chanu cha "vinthu vambiri" ndi "nifuna".

Iwo anati kalekale akhristu oyamba ankaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo anzawo otsala ankachitira Misa pamwamba pa manda a ophedwawo, mobisala. Atayamba kumanga matchalitchi poyera, sanafune kuwasiya okha anthu awo aja. Ndiye ankatenga kachidutswa ka fupa la munthu wofera chikhulupiriro, kochepa ngati njere ya mpunga, n'kukatsekera m'kabowo ka m'mwala, n'kumata. Pamwalapo ankagobapo mitanda isanu, inayi m'ngodya, umodzi pakati, kukumbukira mabala a Ambuye, ndipo bishopu ankaudzoza mafuta. Mkate ndi chikho pa Misa zinkakhala pamwamba pa mwala umenewo. Wansembe akamapita kumudzi kumene kulibe tchalitchi chenicheni, ankaunyamula m'chikwama. Tsiku limene ndinawaonetsa tebuloli nditalimaliza, ndikudikira kuti andiyamikire, anangolisisita n'kunena kuti, "Phiri, wachita bwino. Koma uzikumbukira kuti guwa ndi mwala. Tebulo lakoli ndi miyendo chabe." Kwa mmisiri wa matabwa mawu amenewo sanali okoma, koma ndinawameza.

Wathuwo unali woyera motuwirako, wosalala, kukula kwake ngati mbale yaikulu, koma kulemera kwake unkachita kudabwa ukaunyamula.

Ine kuno ku Kanyama ndinabwera ndili mnyamata, kuchokera ku Katete, pamwamba pa lole ya mtedza. Tinawoloka Luangwa nditagwira kabokosi ka zida zanga ngati khanda, sowo, nyundo ndi tchizulo ziwiri zimene anandisiyira malume anga. Masiku amenewo Lusaka inkalandira munthu. Ntchito ndinaipeza ku fakitale ya mipando, ndinabwerera kumudzi kukatenga agogo anu aakazi, anaBanda, tinamanga nyumba ino pamwamba pa thanthwe, pakuti Kanyama yonse ndi thanthwe lokhalokha. Mvula ikagwa madzi alibe kolowera, amangokhala pabwalo kukuyang'anani. Komabe tinkadya. Buledi analipo, shuga analipo, Lamulungu tinkagula nyama. Tebuloli ndi la mukwa weniweni wa nthawi imeneyo, osati matabwa anu a masiku ano ophwanyika ndi chigongono.

Kenaka zinthu zinayamba kutha. Sizinathe tsiku limodzi ayi, zinkangochoka chimodzichimodzi ngati mano a nkhalamba. Ankati mkuwa wagwa mtengo kunja. Ife mkuwawo sitinauonepo ndi maso, koma kugwa kwake kunatigwera pamutu. Sopo anasowa, tinayamba kuchapa ndi masamba a papaya. Mafuta ophikira, amene inu mumati saladi, anasowa. Fakitale inatiuza kuti tiyambe tapuma kunyumba adzatiitana, ndipo mpaka lero ndikudikirabe. Ndinayamba kuzungulira m'mayadi a anthu olemera ndi kabokosi kanga kaja, kufunsa ngati pali chitseko chofuna kukonza. Ndinkatuluka kusanache, kubwera dzuwa litapendeka, nthawi zambiri manja ali lende.

Nawonso ba Fada zinawakhudza. Anali ndi kanjinga kamoto, kanasowa matayala, anabwerera ku yopalasa. Katchalitchi kathu ka mbali ino kanali ka zidina, chitseko chake chosakhoma, ndipo akuba anali atayamba kukanganula ngakhale malata. Ba Fadawo ankabwera kamodzi pa mwezi, Loweruka, popeza Lamulungu ankakhala ku tchalitchi chachikulu, kutali uko. Tsiku lina itatha Misa anandiitanira pambali. Anati msana wawo sukulolanso kupalasa ndi mwala m'chikwama, ndiye ndiziusunga ine. "Uukulunge m'nsalu yoyera. Munthu wina asaugwire, koma iwe wekha. Popanda mwala uwu ine sindichita Misa kuno." Ndinausunga m'bokosi la zovala pansi pa bedi, ndipo tebulo ndinkalisenza pamutu kupita nalo ndi kubwera nalo. Ndinkayenda motukula mapewa masiku amenewo, sindikubisirani. Ntchito ndinalibe, koma m'nyumba mwanga munkagona guwa.

Tsopano mumve za mizere, chifukwa inu mukaima pang'ono posungira ndalama pa foni mumayamba kale kudandaula. Ufa, uwu mumati unga, unkagulitsidwa pa sitolo ya boma, ndipo unkabwera pamene wafunira. Mphekesera ikangomveka kuti lole ibwera mawa, anthu ankathamangira kukagwira malo. Koma munthu sangaime pamenepo kuyambira m'bandakucha osadziwa ngati loleyo ifike masana kapena mkuja, kunyumba kuli ana, kuli madzi okatunga. Ndiye panali mwambo wake. Unkaika mwala pamalo pako n'kupita. Ukafika pa sitolo m'mawa unkapeza mzere wa miyala, zitini ndi zidutswa za njerwa, wokhotakhota mpaka kuseri kwa msika, popanda munthu ndi mmodzi yemwe. Lole ikamveka kulira, aliyense ankathamanga kukaima pa mwala wake.

Vuto lake, miyala ya Kanyama ndi yofanana yonse. Ukabwera upeza wina waima pa mwala wako akulumbira kuti ndi wake. Mwina upeza auponyera m'ngalande. Panalinso anyamata a chipani oyang'anira mzere, a ndodo m'manja, amene ankakankha miyala ya anthu ndi phazi kuti alowetse abale awo. Amphamvu ankamenyera malo awo ndi zigongono. Koma agogo anu anali ndi pakati pamene pankakulirakulira, miyendo itatupa, ndipo anali munthu wosadziwa kukangana pagulu. Kangapo konse anabwera chimanjamanja, ana n'kugona atangodya masamba owiritsa. Yosefe, malume anu aja, anali wamng'ono, ankalira mpaka mawu kutha. Ine ndinkangoti, "Mawa mukalawire." Za mizere zinali za akazi, ndi mmene tinkaonera.

Kenaka ufa unayamba kupezeka m'nyumba. Lole ikabwera, anaBanda ankabwera ndi thumba. Ndinkati mkazi wanga wachenjera tsopano, wazolowera tauni. Ndinaonanso kuti mwala uja ndikamautulutsa tsiku la Misa unkakhala wowala bwino ngati wotsukidwa kumene, ndipo ndinkati ndi nsalu yoyera ija ikuusunga bwino. Inde, seka Dalitso, agogo ako anali wopusa chomwecho.

Linali Loweruka la Misa, nyengo yotentha mvula isanagwe. Ndinalawira ndi tebulo pamutu kukasesa ndi kukonza m'tchalitchi. Anthu anayamba kusonkhana, ena atanyamula makanda oti abatizidwe, nkhalamba zina zisanalawe kanthu chidzukire kuti zilandire Ukaristia. Nditaona kuti ba Fada ali pafupi kufika, ndinabwerera kuno kudzatenga mwala. Ndinakoka bokosi, kutsegula, nsalu yoyera ili yopindidwa bwinobwino, mwala mulibe. Mutu unaima. Ndinakhuthula zovala zonse pansi, ndinakwawira pansi pa bedi, ndinatuluka panja ndikukuwa kuti akuba, akuba! Mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene anali atatsala ndi ana athu, anangoima pakhomo pake atagwira m'chiuno.

"Ba Phiri, kulibe kawalala apa. Imwe mweka ndimwe simuziba? Kanyama yonse iziba. Yendani ku laini ya unga, muzaupeza."

Ndinathamanga, ine amene mukundiona ndikukwawa leroyu. Ndinapeza lole yafika mochedwa, chitseko cha sitolo chatsegulidwa, mzere wa anthu ukufinyana, fumbi lili kobo. Ndinayenda m'mbali mwa mzerewo ndikuyang'ana nkhope ya mkazi wanga, mawu oti ndimulalatire ali kale pakamwa. Chapatsogolo ndithu ndinaona chinthu chodabwitsa. Pakati pa anthu othinana chonchija panali mpata wokwana munthu mmodzi, wopanda munthu. Pansi pa mpatawo, m'fumbi, panali mwala wa pa guwa, mitanda yake isanu ikuyang'ana kumwamba.

Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti unali utagwira ntchito imeneyi miyezi ingapo. Ena ankati ndi mwala wa kumanda, ena ankati ndi mankhwala a anthu akum'mawa, a mpingo wathu ankaudziwa bwino koma ankangoyang'ana kumbali. Panalibe amene ankayerekeza kuukhudza ndi phazi. Ngakhale anyamata a ndodo aja ankaulambalala.

Kumbuyo kwa mpatawo kunaima bana Mulenga, mayi wa Chibemba wochokera ku migodi, wogulitsa zitumbuwa, wa mpingo wina, mawu ake ngati lipenga. Mzere ukasuntha, iwo ankawerama, kuugwira mwalawo ndi nsonga ya chitenje, kuusunthira patsogolo, n'kuimanso kumbuyo kwake. Atandiona anati, "Ba Phiri, mwabwela bwino, musana wanga wasila na kuwelama. Bakazi banu mimba yabayamba pamene pano, bazimai babapeleka ku kiliniki pa wilibala. Bananiuza ati, bana Mulenga, mwala wanga musausiye kumbuyo. Na ndalama ya unga banisiyila, iyi apa."

Ndinati, "Mwala wawo? Uwu ndi mwala wa tchalitchi! Anthu akudikira Misa!" Ndinawerama kuti ndiunyamule ndizipita.

Mnyamata wina wa ndodo anandigwira paphewa. "Mudala, ife tiziba mwala, imwe sitikuzibani. Mukaimilila na mwala, ni malo yanu. Mukauchosa, muyende kumbuyo kwa laini."

Ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwa mzereko. Sikunkaoneka n'komwe. Ndipo aliyense ankadziwa kuti matumba a lole imodzi sankafika ngakhale pakati. Kukiliniki sakanandilola kulowa, kumeneko kunali kwa amayi. Kutchalitchi kunali anthu odikira, ndi mawu amene ndinalonjeza wansembe. Kunyumba kunali chitini cha ufa chimene ndinachiona m'mawa womwewo chili mbee, ndipo mayi wochira kumene amafuna phala, apo ayi mkaka sutuluka. Ndinaima nditagwira mwalawo m'manja, thukuta likutsikira m'maso. Kenaka ndinaubwezera pansi, n'kuima kumbuyo kwake.

Ana inu, tsiku limenelo ndi limene ndinaudziwa mzere. Dzuwa likukuwotcha pamutu, wakumbuyo akukukankha, wakutsogolo akukuponda, fungo la thukuta, makanda akulira kumsana, mayi wina anakomoka anthu n'kungomukokera pambali mzere n'kutsekeka. Mzere ukasuntha ndinkawerama, kunyamula guwa la Ambuye, kuliika patsogolo pang'ono, n'kuimanso. Ndinkalephera kuyang'ana anthu kumaso.

Ndili chomwecho, phokoso la mzere linayamba kuzirala kuchokera kumbuyo. Nditacheuka ndinaona ba Fada akubwera akukankha njinga yawo, mkanjo woyera uli fumbi lokhalokha m'munsi, akuluakulu a mpingo angapo ali pambuyo pawo. Wina anali atawauza. Anaima pafupi nane, anayang'ana pansi nthawi yaitali.

"Phiri, ichi n'chiyani?"

"Ndi mzere wa ufa, Bambo."

"Mzere ndikuuona. Ndikufunsa icho chili m'dothi."

Ndinawauza kuti akazi anga ali kukiliniki, kunyumba kulibe kanthu, ndipo ine sindinkadziwa kuti mwala umabwera kuno. Anatambasula manja n'kunena kuti, "Ndipatse." Ndinati, "Bambo, ndikaupereka tsopano malo atha. Dikirani pang'ono." Ine Phiri, kuuza wansembe kuti adikire! Akuluakulu aja anagwira pakamwa. Mmodzi anati, "Asa! Munthu uyu wapenga."

Ba Fada sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangotsamiritsa njinga pakhoma n'kuima padzuwa pambali pa mzere, chipewa m'manja, akuyenda pang'onopang'ono mofanana ndi ine. Ankayang'ana amayi aja mmodzimmodzi, ambiri a iwo akhristu awo omwe, ndipo nkhope yawo inkaoneka yokalamba kuposa m'mawa. Tinayenda choncho mpaka ndinafika pakhomo pa sitolo. Thumba ndinalipeza, mwa omalizira ndithu. Bana Mulenga nawo anapeza. Amene anali kumbuyo kwathu pang'ono anabwerera chimanjamanja.

Nditatuluka ndinawapatsa mwala wawo. Anaupukuta ndi kansalu ka m'thumba, anaupsompsona, kenaka anauzunguza n'kuona kuti ngodya imodzi yabenthuka. Anati sangachitirepo Misa mpaka bishopu auone ngati pomata paja sipanatseguke. "Sindikukuweruza, Phiri," anatero. "Koma sungausungenso." Anaulowetsa m'chikwama n'kumangirira pa njinga. Iwo analowera uko ndi mwala, ine ndinalowera kuno ndi thumba la ufa paphewa. Misa tsiku limenelo sinachitike, makanda aja anabwerera osabatizidwa. Madzulo ake amayi anu Agnesi anabadwa, ndipo m'mawa mwake anaBanda anamwa phala la ufa umenewo.

Mwalawo sunabwerenso. Ba Fada anadwala chaka chomwecho, anawatumiza kwawo, ndipo ansembe anali ochepa. Mbali ino ya Kanyama inakhala zaka popanda Misa. Ofuna Misa ankayenda wapansi mpaka ku tchalitchi chachikulu, nthawi ya mvula akuvuula madzi ofika m'maondo, nsapato zili m'manja. Nkhalamba zinalephera, zina zinamwalira zisanamvenso Misa. Ndipo anthu sanaiwale kuti zinayambira m'nyumba muno. Omwe aja ankayang'ana kumbali mwala uli pa mzere ndi amene anayamba kuloza chala. Agogo anu anthu ankawatchula kuti "amai ba mwala" akamadutsa kumpopi. Ine anandichotsa pa ukulu wa mpingo mosanena mawu ambiri. Tebulo ndinalibweretsa kuno, tinayamba kudyerapo.

Ine ndi agogo anu nkhani imeneyi sitinkaikamba. Ndinali ndi chinthu kukhosi, iwonso ankadziwa. Tinkadya patebulo lomweli, dzenje lili pakati pathu, wina osalitchula. Iwo ankaikamo mbale ya ndiwo chifukwa inkakhazikika bwino. Zaka zinapita choncho, Agnesi anayamba sukulu, mizere ija inatha, ufa unadzaza m'masitolo koma tsopano chosowa chinali chogulira. Moyo wa kuno ndi umenewo, ukachotsa mtolo uwu amakusenzetsa wina.

Kenaka kunabwera wansembe wachinyamata, mwana wa konkuno, kudzatsegulanso Misa mbali ino. Ndinamuona akuyala nsalu patebulo wamba la pulasitiki, popanda mwala uliwonse. Itatha Misa ndinamutsatira n'kumufunsa. Anaseka mwaulemu, kunditchula agogo mwa Chibemba, n'kunena kuti, "Ba shikulu, lamulo limenelo linafewetsedwa kalekale. Kunja kwa tchalitchi chachikulu, tebulo loyenera ndi nsalu zake n'zokwanira. Ansembe achikulire ena ankangopitiriza mwa chizolowezi." Ndinamufunsa kuti kalekale lake liti. Mmene anandiyankhira, ndinaona kuti linali litafewa kale ngakhale tsiku lija ndinkaima pa mzere. Ndinakhala pabenchi. Zaka zonse zija anthu akuvuula madzi, mkazi wanga akulozedwa zala. Ba Fada Kanjinga sindiwada ayi, anagwira chimene anaphunzitsidwa ali mnyamata, monga ndinkagwirira ine. Koma ndinatopa tsiku limenelo, kutopa kumene sikunandichokebe.

Ndinabwera kuno ndikuganiza kuti ndawatengera agogo anu nkhani yabwino. Ndinawapeza atakhala pomwe wakhala iwepo, Mapalo, akusankha nyemba. Ndinati, "AnaBanda, mwamva? Akuti mwala uja sunali wofunikanso. Unali mwala chabe. Mtima wanu ukhale pansi tsopano."

Anapitiriza kusankha nyemba zawo, kenaka anati, "Mwala chabe? Si inu munandiuza kuti muli mafupa a anthu oyera mmenemo?"

Ndinati inde, ndi mmene anandiuzira ba Fada.

"Ndiye ine ndinkawauza," anatero. "M'mawa uliwonse ndikamawaika pansi paja ndinkati, pepani akuluakulu, miyendo yanga yatupa, ndiimireniko. Ndipo ankandiimira, padzuwa, m'fumbi, osadandaula. Miyezi yonse ija amene anandiimira pa mzere ndi anthu akufa, atate ake Yosefe. Inu munadzaimapo tsiku limodzi, ndipo mwakhala mukundikwiyira nalo mpaka lero."

AnaBanda anapita kale, chaka chija unabadwa iwe Dalitso.

Ndiye mukamakamba za magalasi anuwo, muzidziwa kuti amayi anu anayamwa mkaka wochokera m'dzenje limeneli. Chotsa kapu yakoyo mmenemo, Mapalo, upukutemo ndi nsalu youma. Kenaka mundigwire dzanja ndikagone, msana wandipweteka.